Manda anatsala kutali: dzina la mwana tilisunga kuti?

Amene munayendapo pa mseu wocokera ku Mandimba kupita ku Lichinga mukucidziwa chalichi ca Massangulo, m'dera la Ngauma, cija cili m'tsinde mwa phiri. Ambiri timangodabwa ndi kukula kwake. Koma mbiri ya malo amenewa inayamba ndi ana, ndiponso ana amene analibe wowasamala.

M'caka ca 1926 bambo Pietro Calandri, wansembe wa cipani ca Consolata wocokera ku Italy, anafika ku Mandimba pamodzi ndi bambo Giuseppe Amiotti. Masiku amenewo dziko lino la Niassa linali likali m'manja mwa kampani, Companhia do Niassa, imene ulamuliro wake unatha mu 1929. Ansembewo anayamba ndi kulera ana obadwa kwa azungu ndi amayi a kuno, ana amene atate awo anawasiya. Mu 1928 anasamukira nawo ku Massangulo, pakati pa Ayao amene ambiri ndi Asilamu, ndipo pamenepo panabadwa mishoni yoyamba ya Katolika m'cigawo cathu cino. Kunamangidwa sukulu, nyumba zogona ana, ndi malo ophunzirira ukalipentala ndi nchito zina zamanja. Chalichi cacikulu cinabwera pambuyo, bambo Calandri akali moyo, ndipo iwo anamwalira mu 1967. Cakumapeto kwa zaka za m'ma 1930 ansembe a cipani comweco anatsegula Mepanhira ndi Mitúcue, kufupi ndi Cuamba.

Zimene zinatsatira ambiri a ife tinaziona ndi maso. Pa 24 Julayi 1975, patangopita mwezi umodzi cilandirire ufulu, boma linatenga masukulu ndi zipatala za mishoni. M'zaka zotsatira machalichi ambiri anatsekedwa, ansembe nacotsedwa pa malo awo. Akhristu anayamba kupemphera m'miphakati, pansi pa mitengo ndi m'zisakasa, monga anagwirizanirana pa msonkhano wa ku Beira mu 1977. Kenaka nkhondo inafika. Sitima ya njanji ya ku Nacala inaleka kuwolokera ku Malawi, miseu inadzala mabomba okwirira, midzi inasanduka mabwinja. Anthu anathawira ku Cuamba ndi ku Mandimba, ena anawoloka pa Chiponde ndi pa Nayuchi. Pofika nthawi imene mtendere unasainidwa ku Roma, pa 4 Okutobala 1992, othawa kwawo a ku Moçambique okhala ku Malawi anali atapitirira 1 miliyoni.

Pobwerera, pakati pa 1993 ndi 1995, anthu anasenza mapoto, makasu, mbewu ndi mphasa. Manda sasenzeka. Ana amene anafa ndi cikuku, kolera, malungo ndi njala anatsala m'manda a ku Mangochi ndi ku Machinga, pa nthaka ya mfumu ina, mmene lero mwina mwalimidwa cimanga. Ena anaikidwa mofulumira m'mbali mwa njira, usiku, dzenje lokumba ndi cikwanje, popanda nyimbo kuopa kuti asilikali angamve. Ena anagwidwa ndi onyamula mfuti, osabweranso. M'makalasi athu a kwaca, kucokera ku Etatara mpaka ku Ngauma, muli agogo amene mukawafunsa kuti anabereka ana angati amayamba akhala cete, kenaka amakupatsani manambala awiri.

Mwambo wathu uli ndi njira zake zokumbukira wakufa. Pali kumeta, pali mowa wa cikumbutso, pali ciliza. Anzathu Asilamu ali ndi sadaka. Koma zambiri mwa izi zimafuna manda odziwika kapena abale osonkhana, ndipo nkhondo inatilanda zonse ziwiri. Ndiye pali khanda lomwalira lisanatuluke m'cikuta, limene Anyanja amati mtayo: amakaika ndi amayi okhaokha, osalira mokweza, osaikapo cizindikiro. Sitikunyoza mwambo ayi, paja makolo anali ndi zifukwa zawo. Tikungoti mayi wa mwana wotere amakalamba ali yekha pokumbukira.

Kubwerera kwathu tinapezanso nyumba zopemphereramo zili zodontha, mazenera osweka, mitanda ya denga itadyedwa ndi ciswe. Mabala awiriwa, mwana wotayika ndi chalichi cophwasuka, anthu ena a kutali anawaika pamodzi. Zinacitika kawiri m'caka cimodzi, 1963, caka comwe dayosizi yathu inakhazikitsidwa ndi dzina la Vila Cabral.

Atsikana anayi a ku Birmingham

Mzinda wa Birmingham uli m'cigawo ca Alabama, kumwera kwa America. Mu 1963 kunali tsankho lofanana ndi limene abale athu opita ku Joni ankalisimba: wakuda sukulu yake, mpope wake wa madzi, khomo lake lolowera. Akhristu akuda anali ndi chalichi cawo ca Baptist pa mseu wa nambala 16. Mpingowo unayamba mu 1873, ndipo nyumba yake ya njerwa inatha mu 1911. Amene anajambula pulani yake, Wallace Rayfield, anali munthu wakuda, cinthu cosowa masiku amenewo. Conco cinali kale chalichi ca mbiri, conyaditsa eni ake.

M'mwezi wa Meyi 1963 ana a sukulu mazanamazana ankasonkhana m'chalichi cimeneci ndi kutuluka pa mzere kukaguba mu mzinda, kukana tsankho. Mkulu woyang'anira apolisi, Bull Connor, anawathira madzi a mipope yozimira moto ndi kuwatumizira agalu, ndipo ambiri anatsekeredwa m'ndende. Zithunzi zake zinafika m'manyuzipepala a maiko ambiri. Kuyambira pamenepo odana ndi anthu akuda anaciika chalichico pa diso.

Lamulungu pa 15 Seputembala, nthawi ya 10:22 m'mawa, dainamaiti amene amuna a gulu la Ku Klux Klan anabisa pansi pa masitepe anaphulika. Linali tsiku la acinyamata, ndipo atsikana ena anali m'cipinda ca pansi kudzikonza kuti akatumikire pa mapemphero. Anafa anayi. Maina awo tiwalembe bwino, ndipo inu powerenga m'kalasi muwachule pang'onopang'ono: Addie Mae Collins wa zaka 14, Cynthia Wesley wa zaka 14, Carole Robertson wa zaka 14, ndi Denise McNair wa zaka 11. Mng'ono wake wa Addie, Sarah, wa zaka 12, anapulumuka koma diso limodzi linafa. Khoma linabooka, mazenera a magalasi amitundu anasweka. Pa zenera lina losonyeza Yesu thupi linatsala, nkhope yokha ndiyo inacoka.

Pa maliro a atatu mwa atsikanawo analalikira ndi mbusa Martin Luther King. Anthu a m'madera ambiri anatumiza ndalama zoposa madola 300,000 ndipo pa 7 Juni 1964 chalichi cinatsegulidwanso. Mwezi wotsatira dziko la America linakhazikitsa lamulo loletsa tsankho m'malo a anthu onse.

Masheleni awiri ndi theka

Tsono apa ndi pamene pali nkhani imene tikufuna muigwire. Kutsidya kwa nyanja yaikulu, ku Wales, dziko laling'ono la migodi ya malasha ndi nkhosa lokhala kumadzulo kwa England, kunali mmisiri wa magalasi dzina lake John Petts, wokhala m'mudzi wa Llansteffan. Iye anamva za bombalo pa wailesi. Sanali wacibale wa atsikanawo, sanali wa mtundu wawo. Anali ndi luso limodzi, lopanga mazenera, ndipo chalichi cinali citataya mazenera. Analankhula ndi David Cole, mkonzi wa nyuzipepala ya Western Mail ku Cardiff, ndipo nyuzipepalayo inapempha anthu kuti asonkhe.

Koma anaika lamulo limene mwina pa msonkhano wa khonsolo ya chalichi kwathu kuno akanalikana. Anati munthu asapereke kupitirira masheleni awiri ndi theka, kandalama kamodzi kaja agogo athu amene anakagwira nchito ku Nyasaland ndi ku Rhodesia akukakumbukira. Colinga cake cinali cakuti pasapezeke wolemera mmodzi wolipira zenera lonse n'kumati ndi langa. Ana a sukulu, akuda ndi oyera, a ku doko la Cardiff anaima pa mzere ndi tindalama tawo. Zinasonkhedwa pafupifupi mapaundi 900.

Samu iyi mukhoza kuipereka m'kalasi. Paundi imodzi inali masheleni 20, ndiye kuti tindalama totere 8 timakwana paundi imodzi. Mapaundi 900 kucurukitsa ndi 8 ndi 7,200. Ndiye kuti manja amene anaponya m'mbale sanacepere 7,000, pakuti ena anapereka zocepa kuposa pamenepo. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma kawirikawiri timanena izi za mwana wa khomo loyandikana nalo. Awa anali ana a dziko lina, a khungu lina, amene sanawaonepo.

Petts anapita yekha ku Birmingham kukamva maganizo a eni chalichi, ndipo zeneralo linaperekedwa mu Juni 1965. Silisonyeza nkhope za atsikanawo. Lisonyeza Khristu wakuda, mutu wowerama, manja otambasula: lamanja likukankha cidani, lamanzere lili lotsegula kupereka cikhululuko, pamwamba pali utawaleza. Mau a m'munsi anacokera pa Mateyu 25:40, pamene Ambuye adziika m'malo mwa wamng'ono aliyense wocitiridwa zabwino kapena zoipa. Palembedwanso kuti mphatsoyo ndi ya anthu a ku Wales. Dzina la wopereka aliyense palibe.

Tinene mwapadera kuti patangopita caka cimodzi ndi miyezi ingapo, pa 21 Okutobala 1966, mulu wa zotsalira za mgodi wa malasha unagumukira sukulu m'mudzi wa Aberfan ku Wales komweko, n'kupha ana 116 ndi akulu 28. Amene anasonkhera ana a eni analira awo.

Zimene zenera silinathe

Tisanamizane kuti galasi linapoletsa zonse. Opha anawo anayenda momasuka zaka zambiri. Robert Chambliss anamangidwa mu 1977, patapita zaka 14. Thomas Blanton anaweruzidwa mu 2001, Bobby Frank Cherry mu 2002, ali okalamba. Wacinayi, Herman Cash, anamwalira mu 1994 osaimapo pa bwalo la milandu. Sarah uja wotaya diso analandira kalata yopepesa kucokera kwa bwanamkubwa wa Alabama mu 2020, patapita zaka 57.

Ndiponso tsiku lomwelo la bomba, mu mzinda womwewo, anyamata awiri akuda anaomberedwa: Johnny Robinson wa zaka 16, ndi wapolisi, ndi Virgil Ware wa zaka 13, ndi mnyamata wacizungu, ali pa njinga ndi mkulu wake. Kwa zaka zambiri anthu ankangoti atsikana anayi, atsikana anayi, awiriwa osawachula. Cifukwa cake ncoonekeratu: sanafere m'chalichi. Ife tikuona kuti ici ndi cilema ca cikumbutso ciliconse comangidwa pa khoma la nyumba yopemphereramo. Cimakumbukira msanga a m'kati, a kunja cimawaiwala.

Koma pali cina cimene cingatifike pa mtima ife a kuno kuposa ena onse. Addie Mae Collins anaikidwa ku manda a Greenwood, amene pambuyo pake anasiyidwa osalambulidwa. Mu 1998 abale ake anafuna kusamutsa mafupa ake kupita nawo ku manda osamalika. Atakumba pamene panali mwala wa dzina lake, anapeza kuti iye sanagone pamenepo. Taonani, m'dziko lolemera, la mabuku ndi maofesi, mwana wodziwika pa dziko lonse manda ake anasokonekera. Malo otsimikizika amene abale ake angaime n'kunena kuti pano m'pa Addie ndi chalichi cija cinakonzedwa. Mu 2006 boma la America linaciika m'gulu la nyumba za mbiri ya dziko zoyenera kutetezedwa.

Nkhani yaciwiri ya 1963 ndi ya banja limodzi, ndipo tiifotokoza mwacidule. Ku England, m'cigawo ca Kent, kuli kamudzi ka Tudeley, kokhala ndi chalichi cakale ca Anglican cochedwa All Saints. Pafupi pake pankakhala Sir Henry d'Avigdor-Goldsmid, phungu wa nyumba ya malamulo, munthu wacuma. Mwana wake wamkazi Sarah, wa zaka 21, anamira pa nyanja kufupi ndi Rye bwato litagubuduka. Zaka ziwiri m'mbuyomo Sarah ndi amayi ake anali ataona ku Paris mazenera a mmisiri wochuka Marc Chagall, ndipo mtsikanayo anawakonda kwambiri. Makolowo anathandiza kukonzanso chalichico, napempha Chagall kuti apange zenera la kuguwa. Linaikidwa mu 1967. Ndi la mtundu wa madzi akuya: pansi mtsikana ali m'mafunde, pambali mayi akulira, ndipo makwerero akukwera kufika kwa Khristu wopacikidwa. Bambo wa mwanayo anali Myuda, mmisirinso Myuda, mayi ndiye anali Mkhristu. Chagall atafika n'kuona nyumbayo anadzipereka kupanga mazenera onse 12, ndipo omaliza anaikidwa mu 1985, caka cimene iye anamwalira.

Bwanji zinatenga nthawi conco? Cifukwa cina cinali cakuti ena a mpingo sanafune kuti mazenera akale a kufupi ndi guwa acotsedwe. Nawonso anali ndi mbiri yawo ndi eni ake. Mapeto ake anasamutsidwira ku cipinda covalira ansembe. Alendo a maiko ambiri akhala akupita ku Tudeley kukaona mazenerawo, ndipo dzina la Sarah silinaiwalike. Sitikucepetsa misozi ya makolo amenewa. Imfa ya mwana siyang'ana thumba. Koma njira yawo ndi ya anthu okhala ndi cuma, ndipo inaonetsa kuti cisoni ca banja limodzi cikalowa m'nyumba ya anthu onse cikhoza kukankha cisoni ca ena amene anafika kale.

Kwathu kuno za magalasi amitundu tiiwale. Cimene chalichi ca ku mishoni kapena ca kumudzi cimafuna ndi malata, misomali, matumba a simenti, njerwa zootcha, mafelemu a mazenera, mankhwala a ciswe ndi laimu wopaka khoma. Banja limene likufuna kukumbukira mwana lingathe kugula lata limodzi, kuumba njerwa 500, kapena kupala benci. Zimenezi n'zabwino, ndipo wina asaletsedwe. Bambo amene sanathe kukhomera mwana wake bokosi pothawa nkhondo, akapala benci ndi manja ake, pali cimene cimamasuka m'cifuwa mwake.

Vuto limayamba pa kulemba maina. Tikalola kuti dzina lilembedwe pa cimene munthu wagula, ndiye kuti pa khoma padzaoneka ana a ogulitsa m'sitolo, a aphunzitsi ndi a amene ali ndi wacibale ku Nampula kapena ku Johannesburg. Mwana wa mayi wamasiye wolima nandolo sadzaonekapo, pamene nkhondo ndi cikuku zinatenga ana a osauka koposa. Apa ndi pamene ife tikuti nzeru ya masheleni awiri ndi theka iposa ya ku Tudeley. Muyeso ukhale wocepa ndi wofanana kwa onse, mbale imodzi ya cimanga kapena tsiku limodzi lotunga madzi ndi kuponda dothi, ndipo dzina la mwana lilowe osayang'ana kuti kwawo anapereka ciani. Wofuna kuonjezera aonjezere mwakacetecete.

Nanga ana a anzathu Asilamu, ndi a amene sapita ku chalichi ciliconse? Ku Massangulo ana a Asilamu anaphunzira pa sukulu ya mishoni kwa zaka zambiri, ndipo pothawa nkhondo sitinafunsane za cipembedzo pa njira. Kuwasiya kungakhale kubwereza zimene zinacitikira Johnny ndi Virgil. Komanso kulemba dzina la mwana wa mwini pa khoma la chalichi osapempha ndi cipongwe. Afunsidwe makolo, afunsidwe ashehe ndi amfumu. Akakana khoma, buku lilipo.

Bukulo ndiye nchito yathu, atsogoleri a makalasi, cifukwa colembera cili m'manja mwathu ndipo amayi amatikhulupirira. Likhale la cikuto colimba, ndipo alembedwe awiri ofanana, lina lisungidwe ku chalichi m'bokosi la citsulo, lina kwa amfumu, paja ciswe ndi mvula sizisankha pepala. Musafunse pagulu, pitani kunyumba, mukhale pa mphasa, ndipo wosafuna kulankhula musamukakamize. Ngati mayi waphunzira kale zilembo, mpatseni colembera alembe yekha dzina la mwana wake, ngakhale litenge mizere iwiri.

Pa mwana aliyense lembani dzina lake, dzina la amake, mudzi wa kwawo, malo amene anaikidwa ngati akudziwika, ndi caka. Wa mtayo amene sanapatsidwe dzina mulembe kuti mwana wa uje, wamwamuna kapena wamkazi. Ambiri sadzakuuzani caka ndi nambala. Adzati inali nthawi yokolola mapira, Papa atabwera ku Nampula, kapena mvula yoyamba mtendere utasainidwa, kapena caka cimene sitima inaleka kupita ku Malawi. Lembani mau awo momwe awanenera, ndipo pambali pake muike nambala: Papa anabwera mu Seputembala 1988, mtendere ndi 1992, sitima ndi 1984.